Azakhali Ayankha: Chiphaso cha Ejenti Sachigula pa Chinkhoma

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27 ndipo ndimakhala kufupi ndi Chinkhoma. Fodya wandikwana. Chaka chino ndapezera anthu atatu mapuloti m'tauni ya Kasungu ndipo kangachepe kamene anandipatsa kaposa mabelo anga onse. Pano bambo wina akuti ndimugulitsire esiteti ya malemu bambo ake ku Santhe. Kodi chiphaso cha ejenti amagula kuti, nanga ndi zingati? Chibwenzi changa chikuti sichingakwatiwe ndi dobadoba.

Ine Wotopa ndi Chigafa, Kasungu.

Iwe mwana wa achimwene anga,

Mapuloti atatu okha wayamba kale kuyenda ndi chikwama chakukhwapa? Ndikukuona ndili kuno: nsapato yosongoka, foni ziwiri, ina yopanda mayunitsi, zala zikadali zakuda ndi phula la fodya. Mtsikanayo ali ndi maso. Usamutaye.

Funso lako lapotoka poyambira pomwe. Chiphasocho sagula. Kuyambira 1989 dziko lino lili ndi lamulo loti ogulitsa malo ndi nyumba za eni, oyerekeza mitengo yake komanso ochititsa okushoni azilembetsedwa kuboma, ndipo kulembetsako amayang'ana sukulu ndi luso. Maphunziro ake alipo ku MUBAS, ija tinkaitcha Polytechnic ku Blantyre, komanso ku yunivesite ya Mzuzu. Akadaulo ake ali ndi bungwe lawo, Surveyors Institute of Malawi. Ngati satifiketi yako ya Fomu 4 sinadyedwe ndi chiswe, ipukute. Ngati inadyedwa, kapemphe ntchito kwa ejenti wolembetsedwa, uzinyamula mafayilo ndi kutsegulira alendo mageti uku ukuphunzira. Pepala la bizinesi la kukhonsolo lisakunamize, limenelo silikusandutsa katswiri wa malo.

Koma chandikhalitsa pansi ndi esiteti ya ku Santheyo. Ukudziwa chifukwa chake Kasungu anadzaza ndi maesiteti? M'nthawi ya Kamuzu mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale, mpaka cha m'ma 1990 pamene zinthu zinamasuka. Ndiye aliyense wofuna bale ankathamangira kukadulitsa lizi pamunda wa makolo, nthawi zambiri ya zaka 21, pepala n'kulembedwa dzina la munthu mmodzi pamene mundawo ukudyetsa mbumba yonse. Werenga wekha: lizi ya 1988 inatha 2009. Ambiri sanakaonjezere, ndipo lendi ya boma anasiya kulipira kalekale. Pamalo pomwepo lero pali azichemwali a malemu, adzukulu, ana a matenanti amene anabadwira pompo, mwinanso manda.

Tsono bambo wakoyo umufunse, mwaulemu koma osaphethira: lizi ili m'dzina la yani? Inatha liti? Kalata yomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye ali nayo? Abale ake akudziwa? Mabikoni akuoneka, kapena malire ndi "kuyambira pachulu paja mpaka pamtengo wa muwanga"? Akayamba kukanda m'mutu n'kumati mapepala ali kwa amalume ku Joni, tsanzika. Akakuonetsa, usakhulupirire fotokope yothimbirira. Pita nayo ku ofesi ya za malo kwa DC, ndipo ngati n'kofunika ukafike ku Lilongwe akakutsegulire kaundula. Ukapeza kuti ndi malo a makolo, dziwa kuti lamulo la 2016 linaika makomiti a malo m'midzi, moti chidindo cha nyakwawa ndi nkhuku yoyera sizikwaniranso.

Tsiku limene wogula adzapeze anthu akupalira chimanga "pamalo pake", foni ya mwini esiteti idzakhala yozima. Amene amadziwika nyumba yake ndiwe. Ndipo ine msana uno sundilola kukwera kabaza ndi kontena ya nsima kupita kupolisi ya Kasungu.

Chigafacho usagwetse chaka chino, nazale ufese ndithu, sukulu imafuna fizi. Mtsikanayo umuuze kuti azakhali akuti adikire aone risiti ya fomu yolembetsera maphunziro. Akaiona, ubwere naye kuno, ndipo shuga wanga asakhale wa paketi yaing'ono.

Ndine Azakhali ako.