Imelo ikasowa, musathamangire kukonza

Inu achinyamata amene mwayamba kudyera makompyuta kuno kwa Mponda, ntchito yanu yambiri ichokera kunyanja: malo ogona alendo kuyambira ku Nkopola, Monkey Bay mpaka ku Chembe, kuphatikizapo mabungwe a pa Boma. Onsewa amafuna webusaiti yooneka bwino, ndipo imeneyo mumaitha. Chimene chimagwetsa ambiri a inu ndi imelo. Webusaiti ikafa, mwini loji amaona tsiku lomwelo n'kukuimbirani akukalipa. Imelo imafa mwakachetechete. Mlendo wa ku Germany amalemba mu Febuluwale kufunsa chipinda cha mu Ogasiti, sayankhidwa, amakabukitsa kwina, ndipo sabwera kudzadandaula.

Mukaitanidwa, mupeza mlandu waperekedwa kale kwa netiweki, magetsi kapena mtsikana wa pa resepushoni. Ngati Facebook ikutseguka pa kompyuta yomweyo, kawirikawiri netiweki ilibe mlandu. Inu funsani mafunso awiri: makalata akukanika kulowa kapena kutuluka? Nanga chasintha n'chiyani masabata apitawa? Funso lachiwirilo anthu sakonda kuliyankha, choncho lifunseni mwaulemu komanso kangapo.

Tiyambe ndi makalata osalowa. Wathiransipoti amene wanyamula katundu wa mbale wanu kuchokera ku Joni amayamba wafunsa njira asanatsitse, ndipo akalozeredwa khomo lolakwika amatsitsa pomwepo. Seva ya wotumiza imachitanso chimodzimodzi. Imafunsa kaundula wa mayina a pa intaneti, DNS, kuti makalata a dzina lakutilakuti akatulidwe kuti, ndipo yankho lili pa mzere wa MX.

Pa loji ina ya m'mbali mwa msewu wa Monkey Bay, mnyamata waluso ndithu anasamutsira webusaiti ku kampani yatsopano n'kusintha ma nameserver. Webusaiti inawala, analipidwa, anapita. Koma kusintha ma nameserver n'kusintha kaundula yense, ndipo m'kaundula watsopanoyo munalibe MX woloza kumene kunali mabokosi a loji. Lamulo la imelo limati MX akasowa, kalata ipite ku adiresi ya pa mzere wa A, kutanthauza ku makina a webusaiti. Makinawo akanakana makalata zikanakhala bwino, chifukwa otumiza akanadziwa. Koma ankalandira n'kumaunjika m'bokosi limene palibe ankalidziwa. Nditalitsegula, manijala anakhala chete akuwerenga mayina a alendo amene masiku awo anali atadutsa kale.

N'chifukwa chake musanakhudze kalikonse, jambulani mizere yonse ya DNS ndi foni, kapena ikopereni mu fayilo, ngakhale imene simukuimvetsa. Makamaka imeneyo. Mzere wooneka ngati zinyalala nthawi zambiri ndi umene wagwira nyumba.

Pa MX penipenipo tcherani maso. Amafuna dzina la seva, osati manambala a IP, ndipo dzinalo lisakhale CNAME. Nambala yaing'ono ndiyo imayamba kuyesedwa: 10 amatsogola, 20 amadikira. Mukasiya MX wakale pambali pa watsopano, makalata ena azifika ena ayi, ndipo limeneli ndi vuto lozunguza mutu kuposa onse chifukwa mukayesa nokha kalata imafika bwinobwino. M'mapanelo ena, mukaiwala kadontho kakumapeto kwa dzina, makina amamatirapo dzina la loji, n'kutuluka adiresi yoti kulibe. Musakhulupirire zimene mwalemba m'panelo. Tsegulani kompyuta, lembani nslookup -type=mx ndi dzinalo, kapena gwiritsani MXToolbox, muone zimene dziko likuona.

Makalata osatuluka, kapena ogwera ku spam, ndi matenda ena. Kale seva iliyonse inkatha kunena kuti ikutumiza m'dzina la aliyense. Akuba anapezerapo mwayi, ndipo kuyambira mu Febuluwale 2024 Google ndi Yahoo anakhwimitsa: wotumiza aliyense akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo wotumiza makalata oposa 5,000 pa tsiku akhale nazo zonse pamodzi ndi DMARC. Loji ya ku Chembe sifika 5,000, komabe ikani zonse zitatu, si zogula.

SPF ndi mzere wa TXT woyamba ndi v=spf1, wotchula ma seva ololedwa kutumiza m'dzina lanu. Ukhale umodzi basi. Anyamata ambiri akauzidwa kuti awonjezere seva ina amalemba mzere wachiwiri, osadziwa kuti ikakhala iwiri yonse imagwa. Musaudzazenso ndi ma include, chifukwa wolandira amaleka kufufuza akapyola kakhumi. Ndipo kumbukirani fomu yobukitsira ya pa webusaiti ndi pulogalamu yotumiza ma invoisi, nazonso zimatumiza makalata. DKIM ndi kiyi wautali kwambiri wa siginecha ya makalata, ndipo chilembo chimodzi chikaduka pokopera, siginecha yonse yafa. DMARC yambani ndi p=none, muwerenge malipoti kwa masabata angapo. Wothamangira p=reject amatsekera kunja makalata a abwana ake omwe.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti yankho nthawi zambiri limakhala litabwera kale, koma linafufutidwa. Kalata ikabwezedwa imabwera ndi uthenga wa Mailer-Daemon, ndipo anthu amauchotsa poganiza kuti ndi vairasi. Uwerengeni mpaka pansi. Mu uthengawo, nambala yoyamba ndi 4 ikutanthauza kuti seva iyesanso, kawirikawiri kwa masiku anayi kapena asanu, choncho mukakonza msanga makalatawo afika. Yoyamba ndi 5 ndiye kuti yakanidwiratu. Gmail ikalemba 550 5.7.26, ikukuuzani poyera kuti SPF ndi DKIM sizikutsimikizira kuti ndinu.

Mukasintha mzere, dikirani. Mzere uliwonse uli ndi TTL, masekondi amene ma seva ena amasunga yankho lakale: 3600 ndi ola, 86400 ndi tsiku lathunthu. Wosaleza mtima amasintha, akaona kuti sizikuyenda amasinthanso, pofika madzulo sakudziwanso chimene chakonza ndi chimene chawononga. Tsitsani TTL ifike pa 300 kutatsala tsiku kuti musamuke, sinthani chinthu chimodzi, yesani kutumiza ndi kulandira pa Gmail komanso pa Outlook, kenako chinacho. Ndipo musasamutse imelo ya munthu Lachisanu masana, abwana ali ku mzikiti ndipo alendo a kumapeto kwa sabata ali pa msewu.

Palinso dzina lenilenilo. Kaya ndi la .mw, limene a SDNP akhala akuyang'anira kwa zaka zambiri, kaya ndi la .com lolipira ndi khadi m'madola, limatha ngati silinalipiridwe, ndipo likatha webusaiti ndi imelo zimazima limodzi. Ambiri a inu mumalembetsa dzina la loji pa imelo yanu, mwina pofuna kuti kasitomala asakuthaweni. Chaka chamawa muli ku Johannesburg, nambala mwasintha, chikumbutso cholipira chikugwera m'bokosi limene simutsegulanso. Lembetsani m'dzina la mwini wake. Mupatseni pepala lokhala ndi dzina la kampani imene munalembetsako, tsiku lolipira ndi mizere yonse ya DNS, ndipo muone ndi maso anu kuti alisunga pamodzi ndi laisensi ya bizinesi.