Kuyimbira softball uli wekha: mpira ndi phazi zikafika pamodzi

Funso: Ndimayimbira softball ya matimu ongosewera mosangalala, ndipo kawirikawiri ndimakhala ndekha. Mpira ndi wothamanga zikafika pa base yoyamba ngati nthawi imodzi, ndigamule bwanji? Osewera amati ndimakondera.

Yankho: Mpira ukangomenyedwa, musakakamire kumbuyo kwa home plate. Thamangirani mkati mwa bwalo, chakumene kumaima woponya, ndipo muime nji mpira usanafike, chifukwa munthu akamathamanga maso amamunamiza. Ma base amatalikirana mafiti 60 kapena kuposerapo, choncho simungafike pafupi paliponse. Chachikulu n'kuima chapambali, pamene wosewera sakukutchingani.

Maso akhale pa base, makutu akhale pa gulovu. Mukamva kuti phwa! phazi lisanaponde, wothamangayo watuluka. Komabe dikirani pang'ono mutsimikize kuti mpira sunapulumuke m'manja, kenako fuulani kamodzi mwamphamvu. Mawu onjenjemera ndi amene amaitana mkangano.

Zoti zikafika pamodzi wothamanga ndiye wapulumuka n'zongokamba anthu, m'malamulo mulibe. Kaputeni akadandaula, mumvereni, muuzeni mwachidule zomwe mwaona, masewero apitirire. Ndipo musayese kupepesa timu yodandaulayo poikondera pa chigamulo chotsatira. Osewera amazindikira msanga, akatero matimu onse awiri amakuukirani.