Sharaf Khan Bidlisi, Mkurdi Amene Anatumikira Maufumu Awiri Odana

Kodi Sharaf Khan anali yani?

Anali mkulu wa asilikali, bwanamkubwa komanso wolemba mbiri wa mtundu wa Akurdi. Anabadwira ku Iran mu 1543, kutali ndi Bitlis, mzinda wa makolo ake womwe lero uli kum'mawa kwa Turkey, pafupi ndi nyanja ya Van.

Anabadwiranji kuchilendo?

Dziko la Akurdi linali pakati pa maufumu awiri osamwerana madzi, wa Ottoman kumadzulo ndi wa Safavid kum'mawa. Sultan Suleiman wa Ottoman atalanda Bitlis m'manja mwa banjali, bambo ake a Sharaf Khan, Shamsaddin, anathawira kwa Shah Tahmasp wa Safavid. Mwanayo anakulira kunyumba yachifumu, n'kumaphunzira limodzi ndi ana a mfumu. Atakula anatsogolera asilikali a Shah pankhondo ya ku Gilan, ndipo mu 1576 Shah Ismail II anamuika kukhala mkulu wa mafumu a Akurdi.

Nanga ulemu wonsewo anausiyiranji?

Kunyumba yachifumu kunali miseche. Ismail II, munthu wokayikira aliyense amene anapha ngakhale abale ake, anamuchotsa pafupi n'kumutumiza kukalamulira Nakhchivan. Mfumuyo itafa mu 1577, ufumu unagwedezeka, ndipo chaka chotsatira nkhondo ndi Ottoman inabuka. Apa Sultan Murad III anamulonjeza chinthu chimene Shah analibe mphamvu yomupatsa: Bitlis. Sharaf Khan anawoloka malire mu 1578, nakhala pampando wa makolo ake. Sikuti anaupeza ulele, chifukwa kwa zaka zambiri anamenyera nkhondo Sultan, kulimbana ndi omwe anamulera.

Ndiye tinene kuti anali wachiwembu?

Kwa a Safavid, inde. Koma mlanduwu sungagamulidwe mophweka chotero. Maufumu onse awiri ankagwiritsa ntchito mafumu a Akurdi polondera malire, ndipo ankawaika ndi kuwachotsa m'mene afunira. Banja lomweli linathawira kum'mawa chifukwa cha Bitlis, n'kubwerera kumadzulo chifukwa cha Bitlis yemweyo. Mtima wake unali pamenepo, osati pa Shah kapena Sultan.

Amakumbukiridwa ndi chiyani?

Buku, osati lupanga. Mu 1597 anamaliza Sharafnama, mbiri ya mafumu ndi mabanja olamulira a Akurdi, yomwe akatswiri amaidalira mpaka lero. Analilemba m'Chiperisiya, chinenero cha ufumu umene anauthawa.