Ndiwo ndi Zipatso za m'Sitolo za Amwenye ndi Matchaina: Kuzidziwa, Kuzilawa ndi Kuziyesa m'Dimba

M'mizinda ya m'chigawo chino, monga Limbe, Lusaka, Harare ndi Durban, muli sitolo za amwenye ndi matchaina zogulitsa ndiwo zamasamba ndi zipatso zimene anthu ambiri amangozilambalala chifukwa cha mayina ake. Komatu zambiri mwa mbewuzi si zachilendo kwenikweni. Bhindi ndi therere lobala. Toor dal ndi nandolo wosenda, mwina wolimidwa ku Mulanje komweku. Timphukira toyera timene matchaina amakazinga ndi mphodza zomeretsa. Motero chinthu choyamba chimene wogula ayenera kudziwa ndi banja la mbewuyo, pakuti banja ndilo limasonyeza kaphikidwe, kalimidwe ndi tizilombo timene tingaigwire.

Banja la maungu

Lauki, imene ena amati dudhi, ndi mphonda yanthete. Turai ndi mbale wake wa chinkhupule, ndipo amadyedwa asanakhwime. Karela ndiye amadabwitsa: ndi wobiriwira, wa khungu la manthumanthu, ndipo ndi wowawa mwachibadwa. Ophika amamudula mopyapyala, kumuthira mchere, kumusiya mphindi 30, kenaka kumufinya ndi kumukazinga ndi anyezi. Kuwawa kumachepa koma sikutheratu. Amene akumwa mankhwala a shuga asamale naye, chifukwa karela angathe kutsitsa shuga m'magazi.

Apa pali kusiyana kofunika kwambiri. Kuwawa kwa karela ndi kwabwino, koma lauki kapena turai wowawa ndi woopsa. Kuwawako kumachokera ku poizoni wotchedwa cucurbitacin, amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo satha ndi kuphika. Wophika alawe kachidutswa pa lilime asanateleke; ngati kakuwawa, ataye chipatso chonsecho. Amayi a kumudzi amachita kale zimenezi ndi mphonda.

Banja la mpiru

Pak choi ndi mtundu umodzi ndi chainizi. Amapsa msanga, ndipo kumubwatitsa nthawi yaitali kapena kumuthira soda kumangomuwononga. Daikon ndi muzu wautali, woyera, wolula pang'ono. Masamba ake amaphikidwa ngati mpiru. Mbewu ziwirizi zimakonda nyengo yozizira, ndipo zimagwidwa ndi nsabwe ndi mbozi zomwe zija za kabichi.

Arbi si wa banjali. Iye ndi koko, ndipo mizu ndi masamba ake omwe amayabwa pakhosi ngati sanapse bwino. Sadyedwa wosaphika.

Zipatso

Chipatso chatsopano chilawidwe chokha, pang'ono, ndiponso chakupsa. Carambola, chipatso chachikasu chimene chimaoneka ngati nyenyezi chikadulidwa, si choyenera konse kwa wodwala impso. Lychee wakupsa ndi wotsekemera bwino, koma wosapsa asaperekedwe kwa mwana wanjala. Kafukufuku wa mu 2014 ku Muzaffarpur, m'dziko la India, anapeza kuti ana amene anadya lychee ndi kugona osadya mgonero ndiwo ankadwala kwambiri, shuga atatsika m'magazi mwawo.

Kuyesa m'dimba

Mlimi amene wakonda mbewu ina ayambe ndi bedi limodzi, osati dimba lonse. Njere zotengedwa m'chipatso cha m'sitolo sizidalirika: karela ndi lauki amathyoledwa njere zisanakhwime, ndipo ngati mbewuyo ndi ya haibridi, zomerazo sizifanana ndi kholo lake. Nkwabwino kugula mbewu ya m'paketi, kapena kufunsa mlangizi ndi malo a kafukufuku monga Bvumbwe. Bungwe la World Vegetable Center, limene linayamba mu 1971 ku Taiwan ndi dzina la AVRDC ndi kutsegula nthambi ku Arusha mu 1992, limasunga mitundu yambiri ya ndiwo zoterezi.

Karela ndi turai amafuna thandala loyangapo. Pak choi amakololedwa patatha masabata 6 mpaka 8 chifesereni. Asabzalidwe pamene pangochoka repu kapena kabichi, ndipo wofuna kusunga mbewu asamulole kuchita maluwa pafupi ndi chainizi, pakuti ziwirizi zimakwatirana.

Zipatso zisaoloke malire a dziko m'chikwama popanda chilolezo cha boma. Ntchentche ya zipatso ya ku Asia, Bactrocera dorsalis, inapezeka ku Kenya mu 2003 ndipo inafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa, kumene ikuwononga mango. Chipatso chogula chikapezeka ndi mphutsi, chimangidwe m'jumbo yakuda ndi kuikidwa padzuwa masiku angapo, chisatayidwe kudzala.

Msika wa ndiwozi ndi waung'ono, ndipo pak choi safuna kugonera. Mlimi akambirane ndi mwini sitolo kapena wophika ku hotela asanafese, amve kukula kumene akufuna, kuchuluka kwake pa sabata, ndi tsiku lokapereka.