Khadi la kuchipatala limapuma limodzi ndi mwini wake

Bambo ena a kumpingo kwathu anagwira ntchito pa kampani ina ku Limbe kuyambira ali mnyamata mpaka imvi. Akadwala iwo kapena mayi a kunyumba, ankangotulutsa khadi la sikimu ya zachipatala, kusayina, n'kulandira mankhwala. Pa phwando lowatsanzika panali zolankhula zambiri, koma palibe anawakumbutsa kuti khadilo linkalipiridwa ndi kampani. Mwezi wotsatira atapita kukatenga mapiritsi a BP, mtsikana wa pakauntala anayang'ana pakompyuta n'kunena kuti, "Pepani bambo, dzina lanu linachotsedwa."

Sanade nkhawa. Ndalama za penshoni zinali zitangolowa, thupi likadali lamphamvu. Anagula minibasi, anakhoma malata atsopano, mapiritsi n'kumagula okha ku famase. Mayi atawafunsa za kulowanso sikimu, anayankha kuti kulipira mwezi ndi mwezi usakudwala n'kutaya ndalama.

Patapita zaka zingapo anawapeza ndi shuga, kenako miyendo inayamba kutupa. Apa ndiye anathamangira kukalembetsa ku bungwe lina la inshuwalansi ya zaumoyo. Fomu inafunsa zaka zawo ndi matenda amene ali nawo kale. Anauzidwa kuti ayamba kulipira pompo, koma matenda amene abwera nawo sikimu siwakhudza mpaka nthawi yodikira itatha. Pa mapulani amene anawaonetsa anasankha yotchipa kwambiri, osafunsa chifukwa chake inali yotchipa.

Pulani yotereyi imathandiza munthu wodwala malungo kamodzi pachaka. Nkhalamba imadwala mosiyana: mankhwala ake ndi a tsiku lililonse, magazi ayezedwe pafupipafupi, maso aonedwe, dokotala wa mtima kapena wa impso akhalepo. Pulani iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingalipire pachaka, ndipo malire a bambowa anatha chaka chisanafike pakati. Ngakhale asanathe, pa bilu iliyonse pankatsala shotifolo yoti alipire kuchokera m'thumba. Minibasi ija inagulitsidwa.

Ambiri timaganiza kuti penshoni ndiyo yankho la ukalamba wonse. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linalamula olemba ntchito kuponya 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ya malipiro, koma ndalamazo n'zodyera. Za kuchipatala mulibemo. Komanso mankhwala ambiri amachokera kunja, choncho pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ku famase inakwera, penshoni ya wopuma ili pomwepo.

Wina anganene kuti zipatala za boma n'zaulere. N'zoona, ndipo ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central kuli madokotala odziwa ntchito yawo. Koma tonse tinamvapo mawu akuti "mankhwala awa atha, mukagule." Makina otsuka impso ndi ochepa poyerekeza ndi owafuna, ndipo mndandanda wa odikira kutumizidwa ku India ndi wautali. Zipatala za mishoni za CHAM nazo zimalipiritsa.

Ine ndimaona kuti chimene chinawapweteka bambowa ndi zaka zija anakhala opanda khadi. Wokhala m'sikimu mosadukiza amaonedwa ngati membala wakale. Wotuluka n'kubwerera atakalamba amalandiridwa ngati mlendo wodwala, mwina osalandiridwa n'komwe, chifukwa masikimu ena ali ndi zaka zimene salembanso anthu atsopano. Ambiri timadziwa MASM, koma mabungwe alipo angapo ndipo malamulo awo amasiyana. Ndipo pasakhale wokunamizani kuti mubise matenda pa fomu. A sikimu akadzatulukira adzakana kulipira, ndalama zanu zonse zitapita.

Inu amene mwatsala pang'ono kupuma, pitani kwa oyang'anira antchito musanalandire kalata yomaliza, mukafunse ngati mungapitirize umembala m'dzina lanu popanda kuyambiranso kudikira. Mukafunsenso malire a mankhwala a matenda okhalitsa, ndiponso ngati akazi kapena amuna anu adzatsalemo inu mutatsogola. Mayankho akupatseni olembedwa. Ananu amene mumatumiza ndalama kumudzi kuchokera ku Johannesburg kapena ku Leeds, gwirizanani zolipirira makolo sikimu mwezi ndi mwezi iwo akadali kuyenda okha.