PHUNZIRO: MTIMA NDI MAPAPU PA NCHITO YAO

Aliyense wokwera phiri la Sadzi adziwa kuti asanafike pamwamba mtima uyamba kugunda msanga, ndipo befu amgwira. Ena aopa befu ameneyu, pamene ena sasamala ngakhale awagwire ali cikhalire. Onsewo alakwa, cifukwa cace tiyeni tisiyanitse befu wa munthu wamphamvu ndi befu wa nthenda.

Pamene tiri kupumula

Mtima ndi mnofu wa msinkhu ngati nkhonya ya mwini wace, ndipo uli ndi zipinda zinai. Mbali ya kumanja itumiza mwazi ku mapapu, kumene mwaziwo utaya mpweya woipa ndi kulandira mpweya wopatsa moyo, dzina lace oksijeni. Mbali ya kumanzere ndiyo iukankhira ku thupi lonse. Amene anayamba kulongosola bwino ulendo wozungulirawu ndiye William Harvey, dokotala wa ku England, m'caka ca 1628.

Munthu wamkuru ali ndi mwazi wokwana ngati malita 5, ndipo akakhala phee, mtima uuzunguza wonsewo pa miniti imodzi, pogunda ka 60 kufikira ka 100. Pa miniti yomweyo apuma ka 12 kufikira ka 20, nakoka ngati theka la lita pa kupuma kulikonse.

Pamene tiri pa nchito

Taganizani tsono za amai amene alawirira kukwera phiri la Zomba kukatola nkhuni. Minofu ya miyendo yao iri ngati moto wa wosula, umene suyaka kolimba akapanda kupukusa mvukuto. Mapapu ndiwo mvukutowo: akoka mpweya mozama ndi mofulumira. Mtima nawo ufika ka 150 kapena kupitirira, kotero kuti mwa mnyamata wamphamvu utha kukankha malita 20 pa miniti. Popumula minofu ilandira gawo limodzi mwa magawo asanu a mwazi, koma pa nchito yolimba ilandira anai, popeza mitsempha ya m'mimba icepetsa njira zace. Nco cifukwa cace nkolemetsa kukwera citunda utangokhuta nsima.

Phirinso liri ndi mbali yace. Mzinda wa Zomba uli pa mamita ngati 900 pamwamba pa nyanja ya mcere, koma nsonga ya Malumbe ipitirira mamita 2,000, ndipo kumeneko mpweya ngwopepuka. Motero mlendo wocokera ku cigwa awefuka msanga. Befu wotere si nthenda ai, ndipo atha munthu akakhala pansi kanthawi. Mtima wozolowera nchito ulimba, nukankha mwazi wambiri pa kugunda kumodzi, kotero kuti popumula ugunda mosafulumira.

Dziyeseni nokha

Ikani zala ziwiri pa mkono, kunsi kwa cala cacikuru, ndipo muwerenge kugunda kwa miniti yathunthu. Mukakwera citunda werenganinso. Mutakhala pansi maminiti owerengeka, ciwerengero ciyenera kutsika ndithu.

Befu woopsa

Inu aphunzitsi, amene muyendera odwala m'midzi, cenjerani ndi zizindikiro izi: kubanika pa njira yosalala kapena pogona cagada, kutupa mapazi, cifuwa kufinyika pa nchito, kutsokomola kopitirira masabata awiri. Wotereyo musamlole kutaya masiku ndi kunena kuti amlodza. Mperekezeni ku cipatala ca pafupi kapena ku cipatala cacikuru ca Zomba. Kumbutsaninso akuruakuru kuti akayezetse kuthamanga kwa mwazi, nthenda yoononga mtima mwakacetecete, ndi kuti acepetse mcere. Fodya ndi utsi wa m'khichini yopanda zenera ziononga mapapu.

Mafunso

1. Kodi mbali ziwiri za mtima zigwira nchito yanji?
2. Nanga mtima ufulumiriranji pa citunda?
3. Ndi befu uti wofunika cipatala?