Kachirombo ka CMV ndi Munthu Woikidwa Chiwindi Chatsopano

Chiwindi cha munthu chikaonongekeratu, madokotala a m'zipatala zazikulu, monga za ku Johannesburg, Cape Town ndi ku India, amatha kuchichotsa ndi kuikapo cha munthu wina. Dokotala Thomas Starzl ndiye anayamba kuyesa opaleshoni imeneyi ku Denver, m'dziko la America, mu 1963. Koma thupi limalimbana ndi chiwalo chachilendo, choncho wodwala ayenera kumamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi. Apa ndi pamene kachirombo ka cytomegalovirus, kapena CMV mwachidule, kamapezera mpata.

Kachiromboka n'kapachibale ndi kamene kamayambitsa nthomba ya katsabola. Kamafala kudzera m'malovu, mkodzo, mkaka wa m'mawere, magazi ndiponso kugonana. Anthu ambiri a mu Africa anakatenga akali ana osadziwa n'komwe, pakuti mwa munthu wamphamvu kamangogona phee moyo wake wonse. Chitetezo chikafooka kamadzuka. Wodwala amatentha thupi, amafooka, amatsegula m'mimba, ndipo nthawi zina matumbo, mapapo kapena chiwindi chatsopanocho zimatupa.

Nchifukwa chake opaleshoni isanachitike amapima magazi a wopereka chiwindi ndi a wolandira. Ngozi yaikulu ili pa munthu amene sanatengepo CMV koma walandira chiwindi cha munthu amene anali nako. Kachirombo kamalowa pamodzi ndi mphatsoyo, ndipo thupi lake silikadziwa.

Pali njira ziwiri zopewera matendawa. Yoyamba ndiyo kumwa mankhwala a valganciclovir tsiku ndi tsiku kwa miyezi 3 mpaka 6 kuchokera pa opaleshoni. Njirayi ndi yosavuta kutsata, koma ili ndi zovuta zake. Mankhwalawa amachepetsa maselo oyera a m'magazi, muyezo wake uyenera kusinthidwa ngati impso sizikugwira bwino ntchito, ndipo amatha kuvulaza mwana ali m'mimba. Choopsa china n'chakuti matenda amatha kubuka mankhwala atatha, pamene wodwala wabwerera kwawo ndipo aliyense akuyesa kuti zonse zili bwino.

Njira yachiwiri ndiyo kupima magazi mlungu uliwonse kwa miyezi pafupifupi 3, ndi kuyamba mankhwala pokhapokha kachirombo kakaoneka, zizindikiro zisanayambe. Kafukufuku wa ku America amene anafalitsidwa mu 2020, pa odwala 205 a gulu la pangozi lija, anapeza kuti pofika chaka chimodzi anthu 9 pa 100 alionse a njira yopima anadwala CMV, pomwe a njira yoyamba anali 19 pa 100. Zikuoneka kuti thupi likakumana ndi kachirombo pang'ono limaphunzira kudziteteza. Komabe njirayi ndi yabwino kokha kumene kuli labotale yotulutsa zotsatira msanga. Kwa munthu wokhala kutali ndi chipatala chotere, kudumphitsa mlungu umodzi kungaononge zonse, ndipo kwa iyeyu mankhwala a tsiku ndi tsiku ndiwo oyenera.

Katemera wovomerezeka wa CMV sanapezeke. Tsono inu osamala wodwala, onetsetsani kuti akumwa mankhwala monga adokotala ananenera, akusamba m'manja ndi sopo, makamaka akagwira malovu kapena matewera a ana, ndiponso sakugawana kapu ndi ena. Akatentha thupi musangoti ndi malungo. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo uzani a zaumoyo kuti munthuyo anaikidwa chiwindi ndi mwezi umene anasiya valganciclovir.